Kuphunzitsa anthu a m'mabungwe ang'onoang'ono: kunyanja, kukoleji, pa foni, kapena kusonkherana ndi oyandikana nawo?

Chiyambireni mu Januwale 2025, pomwe boma la America linaimitsa thandizo lopita kumayiko ena kenako n'kutsekeratu bungwe la USAID, mabungwe ambiri omwe si aboma kuno kwathu akhala akudula bajeti. Nthawi zambiri choyamba kuchotsedwa ndi maphunziro a ogwira ntchito ndi a anthu ongodzipereka. Zimamveka. Malipiro sungaleke, lendi ya ofesi sungaleke, mafuta a njinga yamoto sungaleke, koma maphunziro amaoneka ngati angadikire chaka chamawa.

Chovuta n'choti zomwe bungwe liyenera kudziwa sizinachepe. Lamulo la mabungwe omwe si aboma litakonzedwanso mu 2022, NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwewa, inalowa m'malo mwa NGO Board, ndipo imafuna malipoti chaka ndi chaka, kuphatikizapo a zachuma ounikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama. MRA imafuna msonkho wa pa malipiro. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Opereka thandizo omwe atsala akufunsa ngati muli ndi ndondomeko yotetezera ana ndi amayi ku nkhanza, komanso ngati bodi yanu imakumanadi kapena ndi mayina chabe apapepala. Kumudzinso zinthu siziima: alezi a sukulu ya mkombaphala amasintha, wapampando wa banki m'khonde amasamuka, achinyamata omwe munawaphunzitsa chaka chatha apita ku Joni.

Ndiye bungwe la anthu asanu kapena khumi, lomwe lili ku Ntchisi, ku Rumphi kapena ku Phalombe, lilowere kuti? Njira zilipo zingapo. Ine ndimakondera imodzi, ya kusonkherana ndi mabungwe oyandikana nawo, ndipo ndikhalitsa pa iyoyo. Koma zinazo zili ndi malo ake, ndipo iyonso ili ndi minga yake.

Yambani mwadziwa chomwe chikusowa

Musanasankhe njira, khalani pansi monga bungwe mugwirizane kuti chikukupwetekani n'chiyani kwenikweni. Kunena kuti "tikufuna maphunziro" sikuthandiza. Nenani kuti malisiti athu sagwirizana ndi zomwe zili kubanki, kapena kuti alangizi athu sadziwa choti achite mwana akawauza kuti akuchitiridwa nkhanza kunyumba, kapena kuti tikapita ku msonkhano wa DEC, komiti ya akuluakulu a maofesi a boma ndi a mabungwe ku khonsolo, timangokhala chete chifukwa sitimvetsa bajeti ya khonsolo.

Zitatuzi ndi zosiyana. Choyamba ndi luso la muofesi, lomwe limalowa pang'onopang'ono, munthu akugwira ntchito pa mabuku ake enieni. Chachiwiri ndi luso la kudera, lomwe limalowa poona wina akuchita. Chachitatu ndi luso lolankhulira anthu, lomwe limafuna kudziwa malamulo ndi kudziwana ndi anthu. Njira yomwe imathandiza pa chimodzi imatha kukhala yotaya ndalama pa chinzake.

Wekishopu ya bungwe lalikulu

Iyi ndi yomwe tonse tinakuliramo. Bungwe lalikulu lomwe limakupatsani ndalama likuitanani masiku atatu kapena asanu ku Mangochi, ku Salima, ku Liwonde kapena pa Mponela. Aliyense wa m'ntchito imeneyi amadziwa chifukwa chomwe misonkhano ya ku Lilongwe imakondera Mponela: ndi m'boma la Dowa, pafupi ndithu, komabe munthu watuluka m'boma lake.

Ubwino wake sitingaukane. Inu simulipira kanthu. Aphunzitsi amakhala odziwa, zolembera ndi mabuku zimakhalapo, ndipo mumakumana ndi anzanu ochokera m'maboma ena. Ngati nkhani ndi ya mafomu ndi malamulo a wopereka thandizoyo, palibe wina angakuphunzitseni bwino kuposa mwini wake.

Koma taonani yemwe amasankha mutu wa maphunziro. Si inu. Bungwe lalikulu limaphunzitsa zomwe pulojekiti yake ikufuna, pa nthawi yomwe bajeti yake ikuti ndalamazo zigwiritsidwe ntchito. N'chifukwa chake mumapeza mlangizi yemwe waphunzirapo kangapo za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo, koma sanaphunzirepo kulemba lipoti la tsamba limodzi lomveka. Pulojekiti ikatha, maphunzironso amathera pomwepo, ndipo bungwe limatsala ndi luso lodzaza fomu yomwe palibenso akuifuna.

Kenako pali nkhani ya alawansi. Malinga ngati ulendo wa kunyanja uli ndi envelopu kumapeto kwake, funso loti apite ndani silikhalanso la ntchito. Amapita mkulu wa bungwe, kapena yemwe "sanapiteko chaka chino", osati msungichuma yemwe maphunzirowo amamukhudza. Mabungwe ambiri akunja anayamba kulipira okha malo ogona ndi chakudya m'malo mopereka ndalama m'manja, koma zimenezi zinangochepetsa chidwi cha ena popanda kuthetsa vuto lenileni, loti munthu akabwerera palibe womutsatira kuti aone ngati wasintha kagwiridwe ka ntchito. Fayilo ya maphunziro imakalowa m'kabati. Sindikunyoza anthu olandira alawansi. Malipiro a m'mabungwe ang'onoang'ono ndi ochepa, ndipo ongodzipereka salandira kalikonse. Ndikungoti musasokoneze kuthandiza munthu ndi kulimbitsa bungwe.

Mukaitanidwa, pitani. Koma tumizani woyenera, ndipo akabwera apatsidwe tsiku lofotokozera anzake, ndi chinthu chimodzi choti asinthe mwezi womwewo. Ndipo ngati ubale wanu ndi bungwe lalikululo ndi wabwino, pemphani kuti m'malo mwa wekishopu ina, wa zachuma wawo azibwera ku ofesi kwanu tsiku limodzi pa mwezi. Ambiri sakana, chifukwa kwa iwonso n'zotchipa.

Migwirizano ya dziko lonse

CONGOMA, yomwe yakhalapo kuyambira mu 1992, imasonkhanitsa mabungwe omwe si aboma a mitundu yonse. Pambali pake pali migwirizano ya nthambi zosiyanasiyana: CISANET pa ulimi, MHEN pa zaumoyo, CSEC pa maphunziro, MEJN pa zachuma, NGO-GCN pa nkhani za amayi ndi abambo, CISONECC pa kusintha kwa nyengo, MANASO pa za Edzi, FEDOMA pa anthu aulumali. Palinso Tilitonse Foundation, yomwe popereka ndalama ku mabungwe a zaulamuliro wabwino imaphatikizapo kuwalimbitsa mkati mwawo.

Mphamvu ya migwirizanoyi ili pa luso lachitatu lija. Ngati mukufuna kumvetsa ndondomeko yatsopano ya boma, kutsatira momwe bajeti ya zaumoyo ikuyendera, kapena kudziwa yemwe angakulumikizeni ndi komiti ya ku Nyumba ya Malamulo, kumeneku ndiye kwake. Mumamvanso msanga za mwayi wa ndalama.

Kufooka kwake ndi mtunda. Maofesi ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo bungwe la ku Chitipa kapena ku Nsanje limamva zambiri zitatha kale. Pali ndalama ya umembala chaka chilichonse. Komanso migwirizano yambiri imadalira thandizo lakunja lomwelo lomwe likuchepa, choncho maphunziro ake amabwera pomwe ndalama yapezeka, osati pomwe inu mwasowa. Magulu a m'midzi olembetsedwa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ya pa boma, kapena makalabu a achinyamata, kawirikawiri safikirika n'komwe. Lowani mgwirizano umodzi wa nthambi yanu, osati inayi, ndipo muziutenga ngati khutu lanu ku likulu, osati sukulu yanu.

Koleji ndi satifiketi

Pali luso lina lomwe silingalowe m'masiku atatu. Munthu wosunga mabuku a ndalama amafunika maziko, ndipo maphunziro a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, kapena a ku Malawi College of Accountancy amapereka zimenezo. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'madera ndi a chisamaliro cha anthu kwa zaka zambiri. Malawi School of Government, yomwe inabadwa pophatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba, ili ndi maphunziro afupiafupi a kayendetsedwe ka ntchito. LUANAR ndi Mzuzu University zili ndi maphunziro omwe munthu amachita ali kwawo, n'kumapita kusukulu nthawi zochepa chabe, zomwe zimalola kuti asasiye ntchito.

Apa munthu amatuluka ndi pepala lomwe aliyense amalizindikira, ndipo opereka thandizo akaona kuti wa zachuma wanu ali ndi dipuloma, mitima yawo imakhala pansi. Ndi njira yodula, ndipo imatenga nthawi, koma zomwe munthu waphunzira zimakhala zakuya.

Vuto lake ndi lodziwika: pepalalo ndi la munthu, si la bungwe. Mukamulipirira mtsikana wanu wanzeru uja zaka ziwiri, tsiku lomwe walandira dipuloma ndi tsiku lomwe bungwe lalikulu la m'tauni layamba kumuona. Simungamuimbe mlandu, malipiro akumeneko ndi ochuluka kangapo. Ena amalemberana pangano loti akamaliza agwirebe ntchito zaka zingapo kapena abweze gawo la ndalamazo. Ndi bwino kutero, ngakhale kuti kulondola munthu yemwe waswa pangano lotere n'kovuta ndipo kumasiya chidani. Chomwe ndaona kuti chimagwira ntchito ndi kusankha munthu yemwe ali ndi mizu m'deralo, wa banja, munda ndi nyumba pomwepo, ndi kugawana naye mtengo, kuti nayenso aikepo yake. Ndipo pa nthawi yomwe akuphunzira, pakhale wachiwiri yemwe akuphunzira kwa iye.

Kudutsa malire: Arusha kapena Chipata

Anthu akamva za maphunziro akunja amaganiza za ndege. Ku Tanzania, pafupi ndi Arusha, kuli MS TCDC, malo omwe aphunzitsa anthu a m'mabungwe a mu Africa muno kwa zaka zambiri pa za ulamuliro wabwino, utsogoleri ndi kulimbikitsa anthu kudziyankhulira. Ku Arusha komweko kuli ESAMI, sukulu ya kayendetsedwe ka ntchito. Ku Gaborone kuli likulu la SADC Council of NGOs, lomwe limalumikiza mabungwe ngati CONGOMA ndi anzake a m'mayiko a kuno kummwera. Mkulu wa bungwe akakhala sabata imodzi ndi anzake ochokera ku Uganda, Kenya ndi Zimbabwe amabwera maso atatseguka, ndipo zimenezo si zachabe.

Koma zonsezi zimalipiridwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ulendo wotere unakwera usiku umodzi, osanenanso za kuvuta kwa kupeza ndalama zakunja kubanki. Ndalama yotumizira munthu mmodzi ku Arusha ingaphunzitse anthu ongodzipereka a dera lonse la mfumu yaikulu. Pokhapokha wina akulipirireni, bungwe laling'ono lisaike ndalama yake pamenepa.

Kunja kwina kuli pafupi, ndipo timakuiwala. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Chipata ndi ulendo waufupi kudzera pamalire a Mwami, ndipo anthu akumeneko mumamvana nawo popanda womasulira. Kummawa kwa Zambia kuli ntchito ngati ya COMACO, yomwe imagwira ndi alimi pa ulimi wosamalira nthaka ndi nkhalango n'kumawagulanso zokolola. Anthu a ku Dedza ndi Ntcheu ali ndi abale awo ku Angónia, a ku Mulanje ali ndi Milange kutsidya kwa Muloza. Mapepala a ku Mozambique ali m'Chipwitikizi, koma mlimi ndi mlimi, kapena mayi wa m'gulu ndi mnzake, amalankhulana bwinobwino.

Ndipo tisaiwale kuti njira zina zomwe lero timaziona ngati zathu zinadutsa malire motere. Banki m'khonde inayambira ku Niger mu 1991 kudzera ku bungwe la CARE. Magulu a amayi ophunzitsana za thanzi la ana khomo ndi khomo anayambira ku Gaza, m'dziko la Mozambique, mu 1995 kudzera ku World Relief. Zonsezi zinafalikira chifukwa munthu wamba amatha kuona, kumvetsa, n'kukaphunzitsa mnzake. Pa luso la kudera, ulendo wa minibasi wokaona anzanu umaposa kalasi. Chofunika n'kupita ndi mafunso olembedwa, ndi kutenga anthu omwe amagwiradi ntchitoyo, osati akuluakulu okhaokha.

Pa foni ndi pa kompyuta

Pa intaneti pali maphunziro aulere ambiri. Kaya, ya Humanitarian Leadership Academy, ndi DisasterReady zili ndi maphunziro a kuteteza anthu ku nkhanza, kayendetsedwe ka pulojekiti, zachuma ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ena amapereka satifiketi. Kwa wantchito wa muofesi yemwe amamva bwino Chingerezi, iyi ndi njira yotchipa kwambiri yopezera maziko.

Malire ake ndi omwe mukuwadziwa: bandulo, netiweki, kuzimazima kwa magetsi, ndi chilankhulo. Zitsanzo zake si za kuno, ndipo sangakuuzeni za MRA kapena NGORA. Munthu payekha amayamba ndi changu n'kulekera panjira. Zimayenda bwino anthu atatu kapena anayi akamakhala pamodzi Lachisanu masana pa kompyuta imodzi, n'kumakambirana m'chilankhulo chawo momwe zomwe aonazo zikukhudzira ntchito yawo. Kwa ongodzipereka a kumudzi, uthenga wa mawu wa mphindi zitatu pa gulu la WhatsApp, wokumbutsa zomwe anaphunzira kale pamaso, umathandiza kuposa msonkhano wa pa Zoom.

Mlendo wodzakhala nanu

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Peace Corps ya ku America inayamba kutumiza anthu ongodzipereka ku Malawi mu 1963, JICA ya ku Japan mu 1971, ndipo VSO ya ku Britain nayonso ndi yakalekale, ngakhale masiku ano imagwiritsa ntchito kwambiri Amalawi ongodzipereka. Munthu wodzakhala nanu miyezi yambiri amaona zomwe wophunzitsa wa masiku atatu sangaone: kuti chekebuku chimasungidwa m'chikwama cha mkulu wa bungwe, kapena kuti lipoti limalembedwa usiku wa tsiku lomaliza.

Ngozi yake ndi yoti mlendo amayamba kugwira yekha ntchito m'malo mophunzitsa. Amalemba mapulopozo okongola, ndalama zimabwera, iye n'kupita, inu n'kutsala pomwe munali. Mu Malichi 2020 Peace Corps inachotsa anthu ake onse m'mayiko onse chifukwa cha Covid-19, ndipo aliyense yemwe anatsamira pa munthu mmodzi anaona zotsatira zake. Mlendo asagwire kalikonse popanda mnzake wa m'bungwe pambali pake. Komanso sikuti mlendo achite kuchokera kutsidya kwa nyanja ayi. M'boma lililonse muli anthu opuma pantchito, akale a kubanki, aphunzitsi aakulu, alangizi a zaulimi, omwe angavomere kubwera kawiri pa mwezi mukawapempha mwaulemu ndi kuwabwezera ya thiransipoti.

Kusonkherana m'boma kapena m'maboma oyandikana

Tsopano njira yomwe ndikuikondera. Mabungwe asanu kapena asanu ndi atatu a m'boma limodzi, kapena a maboma awiri atatu oyandikana, amagwirizana kuti maphunziro azikonza okha, limodzi. Aliyense amasonkha kangachepe, ndipo chachikulu, aliyense amabweretsa chomwe amachidziwa. Lina lili ndi wa zachuma wabwino. Lina lakhala zaka zambiri pa banki m'khonde. Lina limadziwa njira yonse yomwe mlandu wa nkhanza kwa mwana umayenda, kuchokera kwa mfumu, kupolisi, kuchipatala, mpaka kukhoti. Lina lili ndi galimoto, lina holo.

Maziko ake alipo kale. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, boma lililonse lili ndi DEC, ma ADC ndi ma VDC (makomiti a chitukuko a m'madera ndi a m'midzi), ndipo m'maboma ambiri muli mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma womwe umakumana kale, ngakhale nthawi zambiri umangokambirana za yemwe akaimire anzake ku khonsolo. NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi demokalase, ili ndi maofesi m'maboma. Mipingo ili ndi nthambi zake za chitukuko, monga CADECOM ndi za masinodi a CCAP, zomwe zili ndi maholo ndi anthu odziwa. Holo ya TDC (malo osulira aphunzitsi a m'dera) kapena ya tchalitchi imalipiridwa pang'ono poyerekeza ndi hotela, nsima amaphika amayi a pomwepo, ndipo anthu ambiri amagona kwawo.

Chomwe chimandikopa si kutchipa kokha. Mutu wa maphunziro mumasankha nokha. Chilankhulo chimakhala cha pamalopo, kaya Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chichewa, ndipo wongodzipereka yemwe sanafike patali ndi sukulu amafunsa mafunso mosaopa. Wophunzitsa sapita kutali: pakatha milungu iwiri mutasokonezeka, mumamupeza pamsika kapena mumamuimbira. Ndipo mavuto ambiri samatsata malire a bungwe. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anakumana ndi zofanana, monga momwe Nsanje ndi Chikwawa amakumanira ndi madzi a Shire chaka ndi chaka. N'zopanda nzeru kuti bungwe lililonse liziphunzitsa palokha komiti yomweyomweyo ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, aliyense ndi buku lake ndi alawansi yake.

Pa luso la muofesi, mgwirizano wotere umatha kuchita chinthu chomwe bungwe limodzi silingathe: kulemba katswiri mmodzi wa zachuma woti aziyendera onse, tsiku limodzi kapena awiri pa mwezi ku bungwe lililonse. Amakhala pansi ndi msungichuma wanu pa malisiti enieni, amagwirizanitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki, amaonetsetsa kuti msonkho ndi penshoni zapita. Pakutha pa chaka munthu wanu wachita zimenezi maulendo khumi ndi awiri ndi manja ake. Mukhozanso kukambirana limodzi ndi kampani yowerengera ndalama kuti iunike mabuku anu nonse pa ulendo umodzi, mtengo n'kutsika.

Tsono minga yake. Yoyamba ndi yoti mabungwe oyandikana amapikisana pa opereka thandizo omwewo. Palibe amafuna kuti mnzake aone kuti mabuku ake ndi osokonekera, kapena adziwe yemwe akukambirana naye za ndalama. Choncho musayambe ndi kulemba pulopozo limodzi kapena kuonetsana mabajeti. Yambani ndi zomwe sizipweteka aliyense, monga chithandizo choyamba pa ngozi, chomwe a Red Cross amaphunzitsa, kapena ndondomeko yotetezera ana. Katswiri woyendayenda uja asainire kuti za bungwe lina sakazinena kwina.

Yachiwiri ndi thumba. Migwirizano yambiri imafera pa funso loti ndalama asunge ndani. Kutsegula bungwe latsopano lokhala ndi ofesi, wapampando ndi galimoto ndi msampha: posakhalitsa limayamba kufunafuna ndalama zodzisamalira lokha, n'kumapikisana ndi mamembala ake omwe. Ndi bwino kuti poyamba pasakhale thumba n'komwe. Mwezi uno lolandira alendo ndi bungwe ili, lipereka holo ndi chakudya. Aliyense adzilipirira ulendo. Mwezi wamawa ndi lina. Pakafunika kusonkha, monga pa malipiro a katswiri, bungwe limodzi lisunge, osainira akhale ochokera m'mabungwe osiyana, ndipo lipoti liziwerengedwa pa msonkhano uliwonse. Zonsezi zilembedwe pa masamba awiri, osapitirira.

Yachitatu ndi kukula kosiyana. Mukakhala bungwe limodzi lalikulu pakati pa ang'onoang'ono, limayamba kulamula tsiku, malo ndi mutu, ndipo mwabwerera ku wekishopu ija, kungoti yopanda nyanja. Kusonkha kukhale molingana ndi mphamvu, koma mawu akhale ofanana.

Yachinayi ndi alawansi yomweyo. Mukaitana wa ku khonsolo kuti adzaphunzitse, kapena ongodzipereka omwe anazolowera envelopu, nkhaniyi idzabuka. Gwirizanani poyambirira pa mlingo umodzi, wobwezera ulendo ndi chakudya basi, ndipo nonse muuze anthu anu zofanana. Ena adzasiya kubwera. Otsalawo ndi omwe mumawafuna.

Yomaliza ndi yoti oyandikana amatha kuphunzitsana zolakwika. Ngati nonse simudziwa kawerengedwe koyenera ka msonkho, kukhala pamodzi sikubweretsa yankho. Apa ndi pomwe njira zina zija zimalowera: kamodzi kapena kawiri pa chaka itanani wodziwa wochokera kunja kwa gulu lanu, kaya ku MRA, ku NGORA kapena ku mgwirizano wa nthambi yanu. Munthu yemwe sangayende ulendo wautali chifukwa cha bungwe limodzi amabwera mosavuta akamva kuti mabungwe asanu ndi atatu akhala m'chipinda chimodzi.

Nanga inu musankhe iti?

Gulu la m'mudzi lopanda wantchito wolipidwa lisavutike ndi koleji kapena intaneti. Likufunika kukaona gulu lina lomwe likuchita bwino, ndi mlangizi wa boma kapena wa bungwe loyandikana woti aziliyendera. Bungwe lomwe langoyamba kulandira ndalama zakunja liike mtima pa mabuku: katswiri wogawana ndi ena, ndipo ndalama ikalola, dipuloma ya munthu mmodzi wokhazikika. Bungwe lomwe mabuku ake ali bwino koma mawu ake samveka ku khonsolo kapena ku likulu lilowe mgwirizano wa nthambi yake, ndipo mkulu wake akapeza womulipirira ku Arusha, apite.

Ngati mukufuna kuyesa kusonkherana, musadikire pulojekiti. Pa msonkhano wotsatira wa mabungwe a m'boma lanu, pemphani mphindi makumi awiri, aliyense alembe pa pepala zinthu ziwiri zomwe bungwe lake lingaphunzitse ena ndi ziwiri zomwe likusowa. Mukaika mapepalawo pamodzi, sankhani mitu itatu yomwe wophunzitsa wake ali m'chipinda momwemo, muike masiku ake miyezi itatu ikubwerayo, kupewa nthawi yobzala ndi yokolola pomwe ongodzipereka amakhala kumunda. Za katswiri wogawana ndi za thumba mudzakambirane mukamaliza itatuyo, mutaona kuti ndani amabweradi.